Mtsutso: Kodi chimbale cha The Downward Spiral chinayenera ulemu umene chinalandira?

Mutu wa mtsutso: Chimbale cha The Downward Spiral, chimene gulu la Nine Inch Nails linatulutsa mu 1994, chinayeneradi kugulidwa, kutamandidwa ndi kuwerengedwa pakati pa zimbale zikuluzikulu za nthawi yake.

Poyambira

Pa 8 Malichi 1994, m'masitolo a ku America munafika chimbale cha nyimbo 14, chotalika pafupifupi mphindi 65, chimene pongochimva sichinkaoneka ngati katundu woti angayende malonda. Chimayamba ndi phokoso la munthu akumenyedwa, lotengedwa mufilimu ya George Lucas ya 1971 yotchedwa THX 1138. Kuchokera pamenepo chimatsata munthu mmodzi amene akutaya zonse chimodzichimodzi: chikhulupiriro, chikondi, abwenzi ndi ulemu wake, mpaka kufika pofuna kudzipha. Ngakhale zinali choncho, sabata yoyamba chinakhala pa nambala 2 pa mndandanda wa Billboard 200, ndipo patapita zaka bungwe la RIAA linatsimikiza kuti chafika makope 4 miliyoni ku America kokha.

Nine Inch Nails ndi dzina la gulu, koma m'situdiyo nthawi imeneyo mwini zonse anali munthu mmodzi, Trent Reznor, amene anakulira ku Mercer m'chigawo cha Pennsylvania n'kuyambitsa gululi ku Cleveland mu 1988. Mtundu wa nyimbo zake umatchedwa industrial rock. Mizu yake ili ku London, kumene gulu la Throbbing Gristle linakhazikitsa kampani ya Industrial Records mu 1976, ndi ku Berlin, kumene a Einstürzende Neubauten ankamenya zitsulo zotayidwa ndi kuliza makina obowolera m'malo mwa ng'oma. Kwa amene sanazimvepo, zimamveka ngati chigayo chikulira usiku, lamba akuwomba, wina akuyesetsa kuimba pamwamba pa phokosolo. Reznor anatenga phokoso limeneli n'kulikwatitsa ndi magitala komanso maimbidwe amene munthu angathe kuwaloweza.

Funso silakuti chimbalechi chinatchuka kapena ayi, pakuti kutchuka kwake n'kosakayikitsa. Funso ndi lakuti kutchukako kunali koyenera kapena ayi, tikayang'ana momwe chinapangidwira, zimene chimanena ndi anthu amene chinawafikira.

Mbali yovomereza

1. Ndi ntchito yaluso yolinganizidwa bwino. Amene amati ndi phokoso chabe sanachimvetsere mofatsa. Reznor anachipanga pamodzi ndi Flood, katswiri wa ku Britain amene anagwirapo ntchito ndi U2 ndi Depeche Mode, ndipo Alan Moulder ndiye anasakaniza mawu. Magitala ankawajambulira m'kompyuta ya Macintosh, kenako n'kumadula, kutembenuza ndi kupotoza mawuwo mpaka munthu osazindikiranso kuti ndi gitala. Adrian Belew wa gulu la King Crimson anaitanidwa kudzaonjezera kulira kwachilendo, Stephen Perkins wa Jane's Addiction anaimba ng'oma m'nyimbo imodzi. Nyimbo ya March of the Pigs imathamanga kugunda 269 pa mphindi, kenako imaima mwadzidzidzi n'kusiyira piyano wodekha. A Warm Place ilibe mawu oimbidwa, ndi bata lokhalokha pakati pa mkuntho. Pali kaimbidwe kena kotsika pang'onopang'ono kamene kamabwerabwera m'nyimbo zingapo, kulumikiza chimbale chonse. Mwini wake ananena kuti anaphunzira zambiri ku chimbale cha David Bowie cha 1977 chotchedwa Low. Ntchito yotere imafuna khutu, kuleza mtima ndi nzeru, ndipo ulemu woperekedwa pa luso ndi woyenera.

2. Ndi nkhani yochenjeza, osati yokopa. Chimbalechi chili ndi chiyambi, pakati ndi mapeto. Munthu wa m'nkhaniyi amayesa kudzaza mtima wake ndi chiwerewere, mankhwala osokoneza bongo, nkhanza ndi kunyoza Mulungu, koma chilichonse chimamusiya wopanda kanthu kuposa kale. Nyimbo imene inadzudzulidwa koposa, Big Man with a Gun, ndi yachisanu ndi chinayi, yosakwana mphindi ziwiri, ndipo imaonetsa munthuyo atafika pachimake pa misala yodzikuza. Reznor ananena kuti cholinga chake chinali kunyoza mtima wodzitama ndi nkhanza kwa akazi umene unali m'nyimbo zina za nthawiyo. Wolemba sewero amene waika wakupha pabwalo sitimuimba mlandu wakupha. Pofika m'nyimbo yomaliza, Hurt, sipatsala kudzitama kulikonse, patsala chisoni ndi kuzindikira kuti wapweteka aliyense amene anali pafupi naye. Womvetsera chimbale chonse sangasirire moyo wa munthu ameneyu.

3. Chinanena zimene ambiri ankabisa. Kuvutika maganizo, kudzida ndi kusowa wouza ndi zinthu zenizeni, ndipo sizichoka chifukwa choti wailesi yakana kuzitchula. Patangopita mwezi umodzi chimbalechi chitatuluka, Kurt Cobain wa gulu la Nirvana anadzipha mu Epulo 1994, ndipo dziko la America linakakamizika kuvomereza kuti achinyamata ake ambiri anali ndi zilonda zosaoneka. Mu Ogasiti chaka chomwecho Nine Inch Nails inaimba ku chikondwerero cha nyimbo cha Woodstock '94, oimba onse atadzola matope thupi lonse, pamaso pa namtindi wa anthu ndi ena ochuluka oonera pa kanema. Anthu amenewa sanakakamizidwe. Anamva munthu akunena poyera zimene iwo ankalephera kuuza makolo kapena abusa awo. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo: amene akufuula mosalongosoka akhoza kukhala kuti waona choona chimene odekha akuchilambalala. Kwa munthu wodzimva kuti ali yekha, kudziwa kuti winanso anadutsa momwemo ndi chithandizo.

4. Nthawi yachitira umboni. Nyimbo zongodabwitsa anthu zimafa kudabwako kukatha. Izi sizinafe. Mu 1995 David Bowie anayenda ulendo woimba limodzi ndi Nine Inch Nails, ndipo awiriwa ankaimba Hurt pamodzi. Mu 2002 Johnny Cash, mkulu wa nyimbo za country ndiponso Mkhristu wodziwika, anaimbanso nyimbo yomweyo ali ndi zaka 70, thupi litafooka. Vidiyo yake inatuluka mu 2003, chaka chimene iye ndi mkazi wake June Carter anamwalira, ndipo Reznor anavomereza kuti nyimboyo siinalinso yake yekha. Ngati mawu olembedwa ndi mnyamata wosweka mtima angakwanire m'kamwa mwa nkhalamba yoopa Mulungu imene ikuwerengera moyo wake, ndiye kuti muli choonadi chokhudza anthu onse. Magazini ya Rolling Stone inaika chimbalechi pa nambala 200 mwa zimbale 500 zopambana mu 2003, ndipo mu 2020 inachikweza kufika pa 122. Chaka chomwecho gululi linalowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame.

5. Chinateteza ufulu wa woimba pa ntchito yake. Chimbale choyamba cha gululi, Pretty Hate Machine cha 1989, chinatuluka kudzera ku kampani ya TVT, imene Reznor anakangana nayo kwambiri pa za amene ayenera kulamula maimbidwe ake. Anamasuka pamene kampani ya Interscope inamulola kukhala ndi kampani yakeyake, Nothing Records. The Downward Spiral ndi chipatso cha ufulu umenewo: palibe bwana anamuuza kuti afewetse. Kuyenda malonda kwake kunaonetsa makampani kuti omvera angathe kulandira ntchito yovuta, ndiponso kunaonetsa oimba achinyamata kuti munthu wokhala ndi kompyuta ndi zida zake m'nyumba angathe kupanga chimbale chachikulu. Lero kujambula kotere n'kofala paliponse.

Mbali yotsutsa

1. Chinajambulidwa pamalo a maliro a anthu ena. Mu 1992 Reznor anachita lendi nyumba ya pa 10050 Cielo Drive ku Los Angeles n'kuikamo situdiyo. M'nyumba imeneyi ndi pabwalo pake ndi pamene, pa 9 Ogasiti 1969, otsatira a Charles Manson anapha Sharon Tate, amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, pamodzi ndi anthu ena anayi. Akuphawo analemba mawu otanthauza nkhumba pachitseko ndi magazi a mayiyo. Reznor anatcha situdiyo yake Le Pig, ndipo pochoka mu Disembala 1993 anazula chitsekocho n'kukachiika pa situdiyo yake yatsopano ku New Orleans. Iye ankati anasankha nyumbayo chifukwa inamusangalatsa mwa zonse zimene anaona, koma dzina ndi chitseko sizinachitike mwangozi. Nkhani ya nyumbayi inalembedwa m'magazini ambiri ndipo inakometsa mbiri ya chimbale. Pambuyo pake Reznor anasimba kuti anakumana ndi mng'ono wake wa Sharon Tate, amene anamufunsa ngati akudyerera imfa ya mbale wake, ndipo funsolo linamulasa. Kulasidwa mochedwa sikufafaniza phindu limene linapezeka kale pa chisoni cha banja lina.

2. Msika sunagulitse nkhani yonse, unagulitsa zidutswa. Oteteza chimbalechi amati chimvedwe chonse, koma anthu ambiri anachidziwa kudzera m'nyimbo imodzi, Closer, imene korasi yake ili ndi mawu otukwana a zachiwerewere. Mawailesi ankangozimitsa liwu limodzi, mwana aliyense n'kumadziwa limene lachotsedwa. Vidiyo yake, yopangidwa ndi Mark Romanek, inali ndi nyani womangidwa pamtanda ndi mutu wa nkhumba ukuzungulira, ndipo MTV inkaionetsa itadula zigawo zina. Nyimbo yonena za kudzida inasanduka yovinira m'malo omwera mowa. Kampani imene inasankha nyimbo imeneyi kuti ikope ogula singatembenuke n'kunena kuti anthu sanamvetse. Mu 1995 William Bennett, yemwe kale anali nduna ya zamaphunziro, ndi C. Delores Tucker, mayi womenyera ufulu wa anthu akuda, anakumana ndi akuluakulu a kampani ya Time Warner, imene inali ndi theka la Interscope. Tucker anawapempha kuti awerenge mokweza mawu a Big Man with a Gun, ndipo anakana. Ngati wogulitsa akuchita manyazi kutchula mawu pamaso pa akuluakulu anzake, n'chifukwa chiyani akuwagulitsa kwa ana a eni? Nawonso okhulupirira, amene anamva chipembedzo chawo chikunyozedwa m'nyimbo ya Heresy, anali ndi chifukwa chomveka chodandaulira.

3. Sichisonyeza njira yotulukira. N'zoona kuti chimbalechi sichikometsa moyo wa munthu wa m'nkhaniyi, komanso sichimupatsa mnzake, dokotala, mbale kapena chiyembekezo chogwirika. Womvera wamphamvu amachimva n'kupitiriza ndi moyo wake. Womvera amene ali kale m'mphepete mwa phompho akhoza kumva kuti mapeto ndi amodzi okha. Bungwe la World Health Organization limapereka malangizo kwa atolankhani ndi opanga mafilimu kuti asamale posimba za kudzipha, chifukwa kafukufuku anaonetsa kuti nkhani zotere zikasimbidwa mosasamala ena amatsanzira. Chimbale chofikira anthu mamiliyoni sichingathe kusankha womvera. Chizindikiro cha Parental Advisory chimene chimamatidwa pachikuto chimachenjeza za mawu otukwana, koma sichiuza kholo kuti nkhani yake ndi ya munthu wotaya moyo.

4. Chinapweteka mwini wake, makampani akuwerenga ndalama. Ulendo woimba wotsatira chimbalechi unatchedwa Self Destruct, ndipo usiku ndi usiku oimba ankaswa zida ndi kuvulazana pabwalo, anthu akukuwa ndi chimwemwe. Reznor anamira m'mowa ndi mankhwala osokoneza bongo. Panapita zaka zisanu kuti atulutse chimbale china, The Fragile cha 1999. Mu 2000 anatsala pang'ono kufa ku London atamwa mankhwala opyola muyeso, ndipo anasiya zonsezi mu 2001 atalandira chithandizo. Iye mwini anavomereza kuti anasanduka munthu amene anamulemba uja. Tikamapereka mphoto ndi kuwomba m'manja pa kudziwononga kwa munthu, timaphunzitsa oimba achinyamata bodza lakuti luso lenileni limafuna kuti udzipweteke.

5. Chinasandutsa mwambo wotsutsa malonda kukhala katundu wa pamsika. Amene anayambitsa industrial ankafuna kusokoneza makampani a nyimbo, osati kuwalemeretsa. Throbbing Gristle, Einstürzende Neubauten ndi Skinny Puppy ya ku Vancouver sanagulitsepo makope oyandikira a Nine Inch Nails, chonsecho Reznor anavomera yekha kuti nyimbo yake yoyamba, Down in It, anaiumba potsanzira Dig It ya Skinny Puppy. Ulemu waukulu unapita kwa wobwera pambuyo. Komanso makampani ataona kuti zonyansa zimagulitsa, anathamangira kufuna ena otero. Chimbale choyamba cha Marilyn Manson chinatuluka ku Nothing Records mu 1994 momwemo, Reznor atathandiza kuchijambula. Otsanzira ambiri anatenga mwano ndi mdima, luso n'kulisiya.

Chigamulo

Mbali ziwirizi sizikutsutsana pa chinthu chimodzi. Ovomereza akulankhula makamaka za nyimbo. Otsutsa akulankhula makamaka za malo amene zinajambulidwira, njira imene zinagulitsidwira ndi anthu amene zinawakhudza. Kuti chigamulo chikhale chachilungamo, zitatuzi ziyezedwe padera.

Pa za nyimbo, ovomereza apambana. Luso lilimo, nkhani ndi yolongosoka, ndipo umboni wa Johnny Cash ndi wovuta kuukana. Mfundo yachisanu ya otsutsa ndi yofooka, pakuti mtundu uliwonse wa nyimbo umakula pamene wina watenga za anzake n'kuzifikitsa patali, ndipo Reznor sanabise amene anamuphunzitsa. Mfundo yachinayi ndi yolemera koma siimaliza nkhani. Munthu yemweyo atasiya mankhwala anapitiriza kugwira ntchito yapamwamba, mpaka kulandira mphoto ya Oscar mu 2011 pamodzi ndi Atticus Ross chifukwa cha nyimbo za filimu ya The Social Network, ndi inanso mu 2021 ya filimu ya Soul. Izi zikutsimikiza kuti luso lake silinkachokera m'kudziwononga. Zikutsimikizanso kuti otsutsa akunena zoona podzudzula amene ankawomba m'manja poona munthu akumira.

Pa za nyumba ya ku Cielo Drive, otsutsa apambana kotheratu. Palibe nyimbo m'chimbalechi imene ikanalephera kujambulidwa kwina. Kutcha situdiyo dzina lochokera pa magazi a mayi wophedwa kunali kusaganizira amoyo amene ankamulirabe, ndipo kutamanda chimbale sikutikakamiza kukhululukira zimenezi.

Pa za kagulitsidwe, mlandu waukulu uli pa makampani ndi nyumba zoulutsa mawu, amene anazula nyimbo imodzi m'nkhani yake n'kuimwaza kwa aliyense. Koma njira imene Bennett ndi Tucker ankafuna siinathandize. Time Warner inagulitsa gawo lake la Interscope mu 1995, makamaka chifukwa cha mkangano wa nyimbo za rap, ndipo chaka chotsatira kampani ya MCA inagula theka la Interscope, nyimbo n'kupitiriza kugulitsidwa monga kale. Chimene chinasintha ndi thumba lolowamo ndalama. Ndipo pamene kuphedwa kwa anthu pa sukulu ya Columbine kunachitika mu Epulo 1999, ambiri anathamangira kuloza zala oimba monga KMFDM, Rammstein ndi Marilyn Manson, ngati kuti nyimbo zomvedwa ndi mamiliyoni a anthu osalakwa zingafotokoze zochita za anyamata awiri amene anapha anthuwo. Kuimba mlandu chimbale n'kosavuta kusiyana ndi kufunsa za mfuti, za mabanja ndi za chithandizo cha odwala maganizo.

Chotero mutu wa mtsutsowu ukuvomerezedwa, koma osati wonse. The Downward Spiral chinayenera kutamandidwa monga ntchito yaluso ya anthu akuluakulu, yomvedwa yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Sichinayenere kukometsedwa ndi mbiri ya anthu ophedwa, ndipo sichinayenere kugulitsidwa m'zidutswa kwa ana popanda chenjezo lomveka. Phunziro lake n'lofunika kwambiri masiku ano pamene nyimbo zimafika pafoni imodziimodzi, zopanda chikuto ndiponso zopanda nkhani yozizungulira. Woimba akhale ndi ufulu wonena za mdima umene ali nawo, koma asabwereke maliro a ena kuti amveke woopsa. Makampani ndi mawailesi anene zoona za zimene akugulitsa ndi kulemekeza msinkhu wa omvera. Ndipo kholo kapena mphunzitsi amene wapeza wachinyamata akumvetsera nyimbo zotere mobwerezabwereza achita bwino kumufunsa chimene akumvamo ndi kumumvetsera, n'kumuperekeza kwa odziwa za uphungu ngati yankho lake likudetsa nkhawa, m'malo mongomulanda foni.